Wolemba sewero si mzukwa

Kuno ku Railways aliyense amamdziwa Nguzu wa mu Mpali pamodzi ndi akazi ake onse. Koma tafunsani amene amalemba mau amene Nguzu amalankhula, mudzangomva zii. Ine monga mphunzitsi ndikuti zimenezi n'zocititsa manyazi, ndipo mlandu ndi wathu tonse.

Acinyamata ambiri akamva dzina lakuti Kabwe amangoganiza za tauni yathuyi. Sadziwa Kabwe Kasoma, amene analemba masewero atatu ochedwa Black Mamba, onena za Kenneth Kaunda ndi nkhondo yomenyera ufulu. Mu 1976 anatulutsanso The Fools Marry. Kasoma anali mmodzi wa anthu a Chikwakwa, bwalo lapamtetete la pa University of Zambia. Colinga ca bwalo limeneli cinali cakuti sewero lituluke m'maholo amene azungu ankasangalaliramo okha, monga Venus Theatre wa muno m'tauni, lifike kwa anthu wamba. Nanga Julius Chongo? Makolo athu ankaunjikana pa wailesi kumvera nthano zake za Poceza m'Madzulo, m'Cinyanja cokoma. Ndi angati a inu amene munamvapo dzina lake m'kalasi?

Mudzati, "Aphunzitsi, izo n'zamakedzana, ife tili ndi TikTok." Cabwino. Koma timasewero ta pafoni tambiri timafa tsiku lomwelo, cifukwa palibe amene anakhala pansi n'kutilemba. Munthu wavala citenge ca amai ake, wakuwa, wagwa, basi kwatha. Sewero lolembedwa ndilo limakhalitsa, popeza ana a ku Bwacha angalitenge mawa n'kulisewera mwa njira yao. Onani Rungano Nyoni: anayamba walemba I Am Not a Witch papepala kamera isanayatsidwe, ndipo mu 2018 filimuyo inampatsa mphoto ya BAFTA.

Ife aphunzitsi tileke kuuza ana kuti angopeka sewero kutatsala masiku awiri kuti mpikisano ucitike. Tifunefune mabuku a Kasoma, tiwawerenge nao mokweza m'kalasi. Inu opanga mafilimu, dzina la wolemba liziikidwa poyera, ndipo azilipidwa ndalama, osati botolo la zoziziritsa kukhosi ndi "zikomo". Ndipo iwe amene uli ndi nkhani ya m'komboni mwanu, gula kope, uilembe, usaine dzina lako pansi pake. Tikapanda kutero, anthu akunja adzabwera kudzalemba za njanji ndi mtovu wa m'dothi lathu, ife n'kumalipira kuti tionere moyo wathu womwe.