Jumbe wabwino anali uti?

Dzulo m'kalasi ya Fomu 3 kuno ku Benga, mwana wina anandifunsa kuti mwa ma Jumbe anayi a ku Nkhotakota, wabwino anali uti. Ambiri amaloza Tawakali Sudi, Jumbe wachitatu, poti mu 1889 anasainirana pangano ndi Harry Johnston. Woipa amati ndi Mwinyi Kheiri, amene Angerezi anamuchotsa pampando mu 1895. Koma abale, muyeso umenewo ndi wa atsamunda. Ine mfumu ndimaiyeza poona anthu wamba. Mpunga anatisiyira, inde, koma kuyambira pa Salim bin Abdallah ufumu wawo unakhazikika pa minyanga ndi akapolo. Makolo athu ena anawolotsedwa nyanja ulendo wa ku Kilwa, osabwereranso. Ndinamuyankha mwanayo kuti wabwino palibe.