Kodi kuiwalaiwala kwa okalamba n'kwa ku mtundu?

Mu August 2024, bungwe loona za mankhwala ku Britain la MHRA lidavomereza mankhwala a lecanemab, omwe amachedwetsako matenda a Alzheimer akangoyamba kumene. Chilolezocho chidadza ndi malire: munthu amene adatengera jini ya APOE4 kwa mayi ndi bambo omwe asapatsidwe mankhwalawo, chifukwa kwa iye chiopsezo cha kutupa ndi kukha magazi mu ubongo n'chachikulu. Motero nkhani ya chibadwa, imene idali ya akatswiri a kafukufuku okha, tsopano ikulamula amene alandire chithandizo ndi amene asalandire.

Majini tikunena pano si aja amavinidwa kwa asing'anga ayi, koma malangizo a m'thupi omwe mwana amatengera kwa makolo ake. Jini ya APOE imathandiza kuyendetsa mafuta m'magazi ndi mu ubongo, ndipo ilipo ya mitundu itatu: APOE2, APOE3 ndi APOE4. Mu 1993, akatswiri a pa Duke University ku America adapeza kuti mtundu wachitatuwo umachulukitsa chiopsezo cha Alzheimer, nthenda imene bungwe la WHO limati ndiyo gwero la pakati pa 60 ndi 70 mwa odwala 100 alionse a dementia. Mwa azungu, wotengera APOE4 kwa kholo limodzi chiopsezo chake chimawirikiza kawiri kapena katatu. Wotengera kwa makolo onse, ka 8 mpaka 12. Komabe alipo ambiri okhala ndi jiniyi amene amakalamba mpaka kutsamira ndodo nzeru zili bwinobwino.

Majini osaphonya alipo atatu: APP, PSEN1 ndi PSEN2. M'dera la Antioquia ku Colombia, malemu Dr. Francisco Lopera adatha zaka zambiri akutsata mbumba ya anthu zikwizikwi imene PSEN1 yolakwika imawayambitsa kuiwala asanakwane zaka 50. M'banja lotere, mwa ana awiri alionse mmodzi angathe kutengera. Koma odwala a mtundu umenewu sakwana mmodzi pa 100.

Kwa ife a mu Africa, mfundo yolemera kwambiri idachokera ku Nigeria. Kuyambira mu 1992, gulu lotsogozedwa ndi Hugh Hendrie lidayerekeza okalamba a Chiyoruba a ku Ibadan ndi anthu akuda a ku Indianapolis. Nthendayi idapezeka yochepa ku Ibadan, ndipo mphamvu ya APOE4 kumeneko idali yofooka, ngakhale jiniyi ndi yofala pakati pa anthu a mu Africa. Chifukwa chake akatswiri akukanganabe: ena akuloza zakudya ndi umoyo wa mtima, ena majini oyandikana ndi APOE. Chodziwika n'chakuti ziwerengero zochokera mwa azungu sizingangotengedwa momwemo n'kuikidwa pa gogo wa ku Ntcheu, ndipo aliyense wotsatsa zoyeza majini ngati zolosera tsogolo la Mmalawi akulonjeza zoposa zimene sayansi yatsimikiza.

Palinso choopsa china chimene ofufuza a kunja sachiwerengera. Kuno mawu akuti “za ku mtundu” amalemera. Amatha kugwetsa chibwenzi ankhoswe asanakumane n'komwe. Wokalamba wosokera usiku, wolankhula ndi akufa kapena wopezeka pakhomo pa eni ake atavula, kawirikawiri amatchedwa mfiti imene yagwa pandege, ngakhale lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Zizindikirozi n'zodziwika bwino kwa madokotala a ubongo. Uthenga wa chibadwa ukafalitsidwa mosasamala, chitonzo chimene lero chimagwera nkhalamba imodzi chingafalikire mbumba yonse.

Gawo limene boma lingachitepo kanthu lili kwina. Lipoti la akatswiri la magazini ya The Lancet la 2024 lidati pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse a dementia angapewe kapena kuchedwetsa nthendayi pothana ndi zinthu 14, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, uchidakwa, kugontha, kuvulala m'mutu ndi kusiya sukulu msanga. Zambiri mwa izi zili kale m'ndondomeko za maunduna a zaumoyo ndi zamaphunziro, ndipo kachipangizo koyezera BP mtengo wake sufika n'komwe pa wa botolo limodzi la lecanemab, mankhwala omwe ngakhale bungwe la NICE ku England lidati n'ngodula kwambiri moti zipatala za boma zisawagule.