Zilembo zokongoletsa pa masamba a mchezo: phindu lake ndi zovuta zake

Pa masamba a mchezo monga Instagram, Facebook ndi X, achinyamata ndiponso amalonda ang'onoang'ono akukonda kulemba mayina awo ndi zilembo zooneka ngati zazikulu koma zamsinkhu wa zing'onozing'ono, monga ᴍᴀʟᴏɴᴅᴀ m'malo mwa malonda. Chifukwa chake n'chomveka ndithu, pakuti masambawa kawirikawiri salola munthu kusintha maonekedwe a zilembo, choncho wofuna kuti dzina lake lisamire pakati pa anzake amakopera zilembozi ku mapulogalamu ozisinthira, popanda kulipira kanthu.

Vuto lagona pakuti kompyuta siziona ngati zilembo za masiku onse zimene zangovekedwa chovala china. Mu Unicode, ndondomeko imene inakhazikitsidwa mu 1991 yopatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake, ᴀ ndi a n'zosiyana kotheratu, chifukwa zilembozi zinaikidwamo pothandiza akatswiri ofufuza katchulidwe ka mawu: ʀ ndi ɴ zimaimira maliwu otulukira chakummero, ndipo zambiri mwa zinazo zinawonjezedwa mu 2003 kuti zizithandiza polemba katchulidwe ka zinenero za banja la Chifinishi. Popeza cholinga sichinali kupanga alifabeti yathunthu, Q yake inadza mochedwa mu 2018, pamene X palibe, ndipo ŵ ya m'dzina lakuti Malaŵi nthawi zambiri imangosiyidwa mmene ilili.

Amene amavutika kwambiri ndi anthu osaona, omwe amadalira mapulogalamu owerenga mokweza zolembedwa pa foni, monga TalkBack ndi VoiceOver, pakuti mapulogalamuwa amatha kudumpha mawu oterowo kapena kutchula dzina lalitali la chilembo chilichonse mpaka uthenga n'kusamveka. Wamalondanso amadzipweteka yekha, chifukwa kasitomala akafufuza dzina la bizinesi polemba zilembo wamba mwina salipeza, pamene pa mafoni ena akale pamangooneka timabokosi. Ngakhale uthenga wa SMS, umene umalola zilembo 160, umatsika kufika pa 70 mukalowa chilembo chimodzi chokha chamtunduwu.

Amene amati kukongoletsa ndi ufulu wa wolemba sakulakwa, ndipo liwu limodzi lokongoletsedwa, pamene dzina lenileni lalembedwanso bwinobwino pambali pake, silisokoneza munthu kwenikweni. Koma chidziwitso cha maliro, mtengo wa katundu, malangizo a zaumoyo ndi uthenga uliwonse wofunika kufika kwa aliyense ziyenera kulembedwa ndi zilembo wamba.