Galimoto si nkhokwe, amalume!

Abale anzanga, sabata ino ndale ndazipumitsa kaye. Tikambeko za matabwa ndi mabawuti, chifukwa zinthu ziwirizi zikanakhalapo, bwenzi msuweni wanga alibe chipsera chimene ali nacho kuseri kwa khutu lero.

Amalume anga ali ndi Land Cruiser yakalekale imene anaigula pa okushoni. Galimotoyo amaikonda kuposa ife abale awo. Tsiku lina m'nyengo yozizira anati tinyamuke, tikagone m'matenti ku Nyika. Ine mtolankhani woyenda ndi kabuku m'thumba, ulendo waulere ndikanaukana bwanji?

Kapakiridwe kathu kanali ka lamulo limodzi basi: "Ponya kumbuyoko." Tinaponyadi. Matenti, mabulangete, mapoto, thumba la ufa, zigubu za madzi, botolo la palafini, bokosi la masipanala, ndiye pamwamba pa zonsezo jeke. Chitseko chinatsekeka mochita kukankha ndi phewa, amalume nkuti, "Mwaona? Zakwana."

Kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Rumphi zonse zinali bwino. Koma kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo titadutsa Bolero msewu unali wafumbi, wa mabampu okhaokha. Tisanafike pa geti ya Thazima, mbuzi inadumphira mumsewu. Amalume anaponda mabuleki mwamphamvu. Galimoto inaima, koma jeke sanaime. Anauluka pamwamba pa mpando nkumupala msuweni wanga kuseri kwa khutu, kenaka nkukaswa wailesi kutsogolo. Akanamupeza pakati pa mutu, bwenzi tikunena zina.

Nkhani yake ndi iyi, anzanga. Mabuleki amaimitsa matayala okha. Katundu wosamangirira samva mabuleki, amapitirirabe ndi liwiro lomwe galimoto imayenda mpaka atapeza chomuimitsa. Choimitsacho nthawi zambiri chimakhala khosi la munthu. Chigubu cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Tangoganizani wina akukugendani nacho.

Ku Chelinda tinafika ndithu. Malo okongola zedi, okwera mamita oposa 2,000, mbidzi zikudya msipu pafupi ndi tenti ngati abulu a kumudzi. Koma palafini anali atatayikira mu ufa, ndiye masiku atatu tinadya nsima yonunkha nyali. Usiku, chisanu chikulowa m'mafupa, kuti upeze tochi umayamba watsitsa katundu yense pansi.

Titabwerako ndinawauza amalume mosapsatira: "Amalume, galimoto si nkhokwe." Anakwiya sabata yathunthu, kenaka anandituma ndikapeze kalipentala ku Mchesi.

Mmisiri amene ndinamupeza amakhomanso mabokosi a maliro. Atamva nkhani ya jeke anaseka nkunena kuti, "Achimwene, mwachita bwino kubwera nokha. Ambiri amene amapakira ngati inuyo bokosi amachita kuwagulira abale awo." Sindinaseke nawo.

Anayamba ndi kuyeza. Kumbuyo kwa galimoto si kwa ngodya zowongoka ngati chipinda. Kuli matumphu awiri a matayala, ndipo chitseko chimachepetsa polowera. Iye anadula kaye makatoni, nkuwayeserera mpaka atakhala bwino, kenaka ndiye anagwira sowo. Ati kulakwitsa pa katoni n'kwaulere, kulakwitsa pa thabwa n'kwa ndalama.

Anagwiritsa ntchito pulayiwudi. Chipboard, ija amapangira makabati otchipa, anaikana kwamtuwagalu chifukwa ikangonyowa imafufuma nkuyamba kuyoyoka, komanso sigwira masikuluwu pa mabampu. Pulayiwudi imodzi imakhala mamita 2.44 mulitali ndi 1.22 mulifupi. Yochindikala mamilimita 18 anaiika pamwamba poti pamagona munthu, ya 12 anapangira madilowa. Amalume amafuna yochindikala paliponse, ati ikhale yolimba. Mmisiri anawakumbutsa kuti ya 18 imodzi yokha imalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndipo masipuling'i sasiyanitsa thabwa ndi munthu, zonse amazimva ngati katundu. Bokosi likalemera kwambiri ndiye kuti mwachepetsa madzi ndi chakudya chimene mukananyamula.

Anapanga madilowa awiri aatali pakati pa matumphu aja. Limodzi la zophikira ndi chakudya, linalo la jeke, masipanala ndi chingwe chokokera. Misomali sanakhomepo ndi umodzi womwe, ati imasolokoka galimoto ikamagwedezeka. Anaika guluu ndi masikuluwu. Dilowa lililonse analiikira kachitsulo kotsekera kuti lisatseguke lokha pa chitunda. M'mbali, pamwamba pa matumphu, munatsala timipata timene anatipangira zivindikiro, ndipo ndimo mumakhala tochi ndi bokosi la mankhwala, poti zimenezo uzizipeza ngakhale mumdima.

Koma chachikulu pa zonse ndi ichi: bokosilo analimanga ku galimoto. Anapeza mabowo akale a mipando ya kumbuyo nkudutsitsamo mabawuti, kunsi kwake nkuika mawashala aakulu kuti lata lisang'ambike. Asanaboole bowo latsopano amayamba wagona pansi kuona kuti kunsiko kulibe thanki ya mafuta, mawaya kapena mapaipi a mabuleki. Bokosi losamanga, ati, ndi jeke wamkulu chabe. Pomaliza tinapita kwa owotcherera kukaika chotchinga cha waya wolimba kuseri kwa mipando, kuchokera pa bokosi kufika kudenga.

Kapakiridwe nakonso kanasintha. Zolemera pansi ndiponso kutsogolo, pafupi ndi mipando, osati kuchitseko. Zigubu za madzi zimamangidwa ndi malamba, osati malegeni a chubu. Palafini ndi dizilo kutali ndi ufa. Silinda ya gasi izikhala choimirira, yomangidwa. Padenga pazipita zopepuka zokha, monga matenti ndi matiresi, chifukwa ukasenzetsa galimoto zolemera pamutu imapendama pa kona, ndipo misewu ya m'mapiri makona ndiye kwawo.

Ulendo wachiwiri tinapita msewu womwe uja. Kumbuyo kunali zii, moti amalume anaima kawiri konse kukasuzumira ngati katundu alipo. Titafika, tiyi anapsa dzuwa lisanalowe. Msuweni wanga anabwera nawo, koma anakakamira kukhala kutsogolo. Sindimunena.

Mwina wina akuti, aise, ife a kabaza ndi minibasi zimenezi zikutikhudza pati? Tatembenukani tsiku lina muli mu minibasi muone chimene chili kuseri kwa khosi lanu. Mupeza batire ya galimoto, thumba la simenti, mwina tayala losamanga. Kondakitala akuuzani kuti palibe vuto, monga momwe amalume anatiuzira. Funsani ndithu kuti achiike pansi pa mpando. Safunsa anadya phula.

Amalume masiku ano amaonetsa madilowa awo kwa aliyense wobwera pakhomo, ndipo amati nzeru yake inali yawo. Ndimangoti zikomo. Wailesi yokha ndiye sanakonzetsebe.

Tionana sabata yamawa.