Chaka chanu chobadwa si pasiwedi

Musandiuze kuti ku Chitipa n'kutali, akuba a pa intaneti sangatipeze. Wakuba wa pafoni sadikira msewu wa phula wochokera ku Karonga kuti afike ku Nthalire. Iye akungofuna pasiwedi yanu, ndipo inu mwamuphikira kale: chaka chobadwa pa Mpamba, chomwecho pa Airtel Money, chomwechonso pa Facebook ndi pa imelo. Mlimi wa ku Misuku atuluke thukuta ndi khofi chaka chonse, ndalama zake azitsekere ndi 1985?

Ndikati gwiritsani ntchito pulogalamu yosunga mapasiwedi, ndikudziwa chimene mutandiyankhe. "Mapulogalamu osunga mapasiwedi nawonso amathyoledwa. Nanga LastPass?" Zoona, mu 2022 akuba anakopera nkhokwe za makasitomala a LastPass, ndipo maadiresi a mawebusaiti anali poyera. Manyazi ake ndi a kampaniyo, ine sindiiyamikira. Koma mapasiwediwo anali otsekedwa ndi njira yobisira ya AES-256, ndipo kiyi yake imachokera ku pasiwedi yaikulu imene mwini yekha amaidziwa. Amene anali pangozi kwambiri ndi amene anasankha pasiwedi yaikulu yofooka. Ndiye mukufuna kubwerera ku kope la m'thumba lomwe mwana aliyense pakhomo amaliwerenga?

Sankhani mwanzeru. Bitwarden ndi yaulere, ndipo mmene inalembedwera n'zoonekera kwa katswiri aliyense wofuna kufufuza. 1Password imawonjezera kiyi yachiwiri ya zilembo 34 imene imakhala pa chipangizo chanu chokha, koma imalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene dola likusowera kuno. Kwa ife a kumene netiweki imabwera ndi kupita, KeePass ndiyo ndiikonda: fayilo yotsekedwa imakhala pa kompyuta kapena pafoni panu, osafuna intaneti. Vuto lake n'lakuti foni ikagwera mu mtsinje wa Songwe mulibe kope lina, zonse zapita.

Mu Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti makina osindikizira mapasipoti a boma analowedwa ndi akuba, Amalawi n'kukhala masabata osalandira mapasipoti. Ngati boma lenileni linagwidwa, inu ndinu ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lero lomwe ikani Bitwarden kapena KeePass, pangani pasiwedi yaikulu ya mawu asanu osagwirizana, ndipo nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money musauze ngakhale ejenti wa pa boma.