Luso la Masewera Silibadwa ndi Dera

Pakati pa achinyamata amene amasewera masewera a pa intaneti pafala mkhalidwe umodzi woipa, ndiwo wogamula munthu potengera dera limene wachokera. Amati a ku Korea ndi akatswiri obadwa nalo luso, a ku Japan ndi odekha ndi osamala, a ku Ulaya ndi aukali, ndipo a ku Africa ndi mbuli zongosokoneza masewera a anzawo. Mnyamata wa ku Bembeke kapena mtsikana wa ku Linthipe amene watsiriza Fomu 4, nakhala ndi mwayi wogwira foni yamakono, sachedwa kukumana nawo mawu otere. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amawameza osatafuna, nayamba kudziyesa operewera nzeru. Kusiyana kwa kaseweredwe kulipodi, ndipo palibe chifukwa chokubisira. Koma gwero lake lili m'zinthu zooneka ndi zowerengeka, monga mtunda, magetsi, ndalama ndi nthawi, ndipo aliyense wofika sukulu ya sekondale angathe kuzimvetsa.

Masewerawo ndi otani?

Mwa masewera ochititsa mantha amene anthu amasewerera pamodzi ali kutalikutali, otchuka kwambiri ndi Dead by Daylight, amene anatulutsidwa m'chaka cha 2016 ndi kampani ya Behaviour Interactive ya mumzinda wa Montreal ku Canada. Osewera amakhala asanu. Mmodzi ndiye chigawenga chosaka anthu, ndipo anayi otsalawo ndi othawa. Ntchito ya othawa ndi kukonza majenereta asanu kuti zipata zitseguke. Ntchito ya wosaka ndi kuwagwira mmodzimmodzi n'kuwakoleka pa mbedza asanatsirize ntchitoyo. Wokolekedwa sadzipulumutsa yekha kawirikawiri, koma amadikira mnzake wolimba mtima kuti adzamutsitse. M'chaka cha 2018 kampani ya NetEase ya ku China inatulutsa masewera ofanana nawo otchedwa Identity V, oseweredwa pa foni, ndipo anakondedwa kwambiri ku China ndi ku Japan. Mu 2020 kunabweranso Phasmophobia, m'mene anthu osapitirira anayi amalowa m'nyumba ya mizukwa nayesa kuzindikira mtundu wa mzukwawo, akulankhulana ndi mawu.

M'masewera onsewa chipambano chimagona pa zinthu ziwiri: kufulumira kwa dzanja pa kamphindi koyenera, ndi kumvana kwa osewera. Apa ndi pamene kusiyana kwa madera kumayambira.

Mtunda sunama

Wosewera akadina foni yake, uthenga umanyamuka kupita ku makina aakulu otchedwa seva, amene amagamula chimene chachitika, kenaka yankho limabwerera. Uthengawo umayenda ngati kuwala m'nthambo zagalasi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi imodzi. Liwiroli ndi lalikulu, komabe lili ndi malire. Ngati seva ili pa mtunda wa makilomita 200, ulendo wopita ndi kubwera umatenga tizigawo tiwiri tokha mwa tizigawo 1,000 ta sekondi. Koma ngati nthambo iyenda makilomita 10,000 kukafika ku Ulaya, ulendo womwewo umatenga gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, kusawerengera kuchedwa kwa m'malo onse amene uthengawo umasinthira njira. Kuchedwa kumeneku osewera amakutcha ping.

Malawi ndi dziko losagunda nyanja yamchere. Intaneti yake imadutsa m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique isanalowe m'nthambo za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba kugwira ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010. Tsono taganizani za wothawa amene ali m'munsi mwa phiri la Dedza. Pa foni yake waona kuti walumpha zenera ndipo wapulumuka. Koma uthenga wake usanafike, seva yalandira kale wa mdani wake amene ali pafupi nayo, ndipo yagamula kuti chikwanje chamupeza. Anzake a ku Frankfurt kapena London amangoona munthu wochedwa kuganiza, namutukwana. Chimene sachiona ndi nyanja ndi mapiri amene uthenga wake wawoloka. Munthu wothamanga mpikisano atasenza thumba la kachewere sangatchedwe waulesi chifukwa wafika pambuyo.

Magetsi, bandulo ndi nthawi

Luso lililonse limakula ndi kubwereza. Woumba mbiya, wosoka zovala ndi woimba limba onse amafika pa ukatswiri atachita ntchito yomweyo kambirimbiri. Wosewera wa m'maiko olemera amakhala maola ambiri pa sabata akuphunzira njira za m'masewerawo, pa kompyuta yamphamvu, m'nyumba imene magetsi sazima. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti boma la Dedza linali ndi anthu oposa 830,000, ndipo kuti m'dziko lonse nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi. Ngakhale zimene zinali nawo zinalawa mdima wautali namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu January 2022, pamene dziko linataya mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130 kufikira chaka chotsatira.

Wachinyamata wa ku Mayani kapena ku Lobi amatchaja foni pa sola ya mnzake kapena pa okala ya pamsika, ndipo amalipira. Bandulo nayo amagula ndi ndalama ya ganyu. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa foni ndi wa zinthu zina zochokera kunja unakwera. Kuwonjezera apo, m'mawa kuli kudimba, masana kumsika, madzulo kukatunga madzi kapena kukatsekera mbuzi. Amene wasewera maola khumi pa moyo wake wonse akakumana ndi amene wasewera maola zikwi ziwiri, zotsatira zake zimadziwika masewera asanayambe, ndipo sizinena kanthu za nzeru za mtundu wa anthu.

Chitsanzo cha Korea

Amene amati Akorea anabadwa ndi luso aiwala mbiri. Chuma cha South Korea chitagwedezeka m'chaka cha 1997, boma la dzikolo linaika mtima pa kufalitsa intaneti yothamanga. M'mizinda munatsegulidwa nyumba zambiri zosewereramo zotchedwa PC bang, m'mene wachinyamata amalipira ndalama yochepa nakhala pa kompyuta yabwino. Masewera a StarCraft, amene anatuluka mu 1998, anapeza nthaka yolimidwa kale. Pofika chaka cha 2000 kunakhazikitsidwa bungwe loyendetsa mipikisano ya masewera a pa kompyuta lotchedwa KeSPA, ndipo mipikisanoyo inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema. Agogo a osewera otchuka a lero ambiri anali alimi a mpunga amene sanaonepo kompyuta. Magazi ndi omwewo. Chimene chinasintha ndi nthambo, nyumba zosewereramo, ndi mwayi wokumana ndi akatswiri tsiku ndi tsiku.

Phunziro lomweli lili pa bawo. Pa thabwa la mabowo 32 ndi nkhomo 64, madera a m'mbali mwa nyanja monga Nkhotakota ndi Mangochi ali ndi mbiri ya ukatswiri, ndipo masewera omwewo ku Zanzibar amawatcha bao. Koma mwana wa kunyanja amene sanakhalepo pa bwalo la bawo sadziwa ngakhale poyambira, pamene bambo wa pa Chimbiya amene amakhalira thabwalo madzulo alionse angathe kugonjetsa mlendo wochokera kulikonse. Dera limatchuka ndi masewera chifukwa masewerawo ali pa khonde lililonse, ndipo ana amakula akupenyerera akuluakulu.

Nanga zizolowezi?

Pali ena amene angavomere zonsezi koma n'kunena kuti nkhani ya zizolowezi ndi ina. Iwo amati m'dera lina osewera amakonda kubisala, kwina amakonda kuputa mdani dala, kwina wosaka amaima pafupi ndi mbedza kudikira wodzapulumutsa mnzake, ndipo kwina khalidwe lotere amaliyesa lochititsa manyazi. Mawuwa ali ndi choonadi chake. Anthu osewerera pa seva imodzi amaphunzirana, amaonera akatswiri olankhula chinenero chawo, ndipo pang'onopang'ono amapangana malamulo osalembedwa. Koma chizolowezi chophunziridwa chimathanso kusinthidwa, ndipo wosewera wosamukira ku seva ina sachedwa kutengera kachitidwe ka kumeneko. Chinenero nachonso chili ndi mbali yake. M'masewera odalira kulankhulana, amene Chingerezi chake ndi cha m'kalasi amachedwa kuyankha, mwina amangokhala chete poopa kusekedwa, ndipo anzake amamuyesa wodzikonda.

Cholakwa chachikulu ndi kutenga khalidwe la munthu mmodzi n'kulipachika pa dziko lonse. Akale anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Wosewera amene wasiyidwa pa mbedza ndi mnzake mmodzi wa ku Brazil amakumbukira tsiku limenelo, naiwala masiku makumi awiri amene a ku Brazil omwewo anamupulumutsa.

Ndipo ngati chikhalidwe cha kumudzi chili ndi gawo pa masewerawa, mwana wa ku Dedza sayenera kuchita manyazi. Kalekale foni isanabwere, mwezi ukawala, ana a kumapiri kuno ankasewera chibisalirano ndi masewera aja a fisi wobisalira pakati, pamene mayi aitana ana ake kuti awoloke. Mmodzi amasaka, ambiri amathawa. Wina amadzionetsa dala kuti fisi amutsate ndipo anzake adutse. Nzeru imene kampani za ku Canada ndi ku China zikugulitsa lero ndi yomweyo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, ndi mwambo wolemera ndipo suyenera kuikidwa m'gulu la masewera. Komabe mwana wokulira m'midzi ya Achewa amadziwa kuyambira ali wamng'ono kuti mantha ali ndi nthawi yake, malire ake ndi malamulo ake. Wotereyu sangaphunzitsidwe kulimba mtima ndi munthu wongoona mizukwa pa galasi.

Mawu kwa aphunzitsi ndi otsiriza sukulu

Aphunzitsi ambiri akamva za masewera a pa foni amafulumira kuwatcha chibwana chotayitsa nthawi, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti kumwerekera ndi masewera otere kufikira posiya sukulu, ntchito ndi tulo ndi matenda ofunika chithandizo. Koma kuletsa kokha sikuchotsa funso limene lili mumtima mwa wophunzira, lakuti n'chifukwa chiyani anthu akunja amamuposa nthawi zonse. Funsoli likasiyidwa lopanda yankho, wophunzirayo amadziyankha yekha kuti Mmalawi ndi woperewera, ndipo maganizo amenewo amapita nawo ku mayeso, kofunsira ntchito ndi kumunda komwe.

Mphunzitsi wa sayansi ali nalo yankho m'buku lake lomwelo: liwiro, mtunda ndi nthawi. Wa jogalafe angathe kuonetsa pa mapu njira yochokera ku Dedza kudzera ku Dar es Salaam kukafika ku Ulaya. Wa masamu angathe kuwerengetsa ophunzira ndalama zimene bandulo imadya pa mwezi, n'kuziyerekeza ndi mtengo wa mbewu ya kachewere kapena wa fomu yofunsira malo ku koleji. Phunziro lotere limachotsa manyazi, ndipo limachotsanso chinyengo chakuti munthu adzalemera ndi masewera amene zida zake alibe.

Kwa otsiriza sukulu, uphungu ndi wakuti kusewera n'kwabwino pamene ntchito yatha ndipo ndalama yake si ya ufa. Kuthira ndalama ya ganyu m'bandulo pofuna kutsimikizira mlendo wosamudziwa kuti Mmalawi naye ndi munthu n'kuthamangitsa mphepo. Masewera a kampani ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo amatseka pamene wafuna: Dead by Daylight ya pa foni inatsekedwa mu 2025.

Chomaliza ndi ichi. Wachinyamata amene wamva kuwawa kwa kutchedwa mbuli chifukwa cha dera lake asabwere nacho chida chomwecho kunyumba. M'dziko muno mumamvekanso mawu akuti a chigawo chakuti ndi anzeru, a chakuti ndi aulesi, a kumapiri ndi otsalira, a kunyanja ndi osakonda sukulu. Pofufuza bwino, kumbuyo kwa mawu otere kumapezeka sukulu imene inamangidwa msanga kwina ndi kuchedwa kwina, msewu umene unafika kapena sunafike, ndi mphunzitsi amene anakhala kapena anathawa. Amene wamvetsa chifukwa chimene chikwanje chinamupezera atalumpha kale zenera ayenera kukhala woyamba kufunsa za mtunda umene mnzake wayenda, asanamugamule.