ZA PAKHOMO PATHU: Kamtengo ka Korona wa Minga

Mwezi wa October ukafika, maluwa ambiri a pakhomo amafota, ndipo mayi amene watunga madzi kutali sangawathire pa duwa ana ake asanasambe. Komatu kalipo kamtengo kamene kamakhalabe ndi maluwa ofiira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Akatswiri a zomera amakatcha Euphorbia milii, koma ambiri amakadziwa ndi dzina loti Korona wa Minga.

Kwawo ndi ku Madagascar. Dzina loti milii likumbutsa Baron Milius, bwanamkubwa wa chilumba cha Réunion, amene anakafikitsa ku France m'chaka cha 1821. Ena amati minga yake ndiyo imene asilikali analukira Ambuye wathu korona. Imeneyo ndi nkhambakamwa chabe, pakuti Mauthenga Abwino satchula mtundu wa mtengowo.

Kubzala kwake nkosavuta, ndipo anyamata ndi atsikana angathe kuyesa. Pemphani nthambi kwa mnansi, yotalika masentimita 10 kapena 15. Musaibzale tsiku lomwelo ai. Isiyeni pamthunzi masiku atatu kuti bala liume, chifukwa yaiwisi imaola m'nthaka. Kenaka izikeni m'dothi losakaniza ndi mchenga, pamalo ofika dzuwa lambiri. Pamthunzi kamtengoka kamangokula wopanda maluwa.

Chimene chimapha kamtengoka kawirikawiri ndicho chifundo cha mwini wake. Madzi akachuluka mizu imaola, masamba nachita chikasu. Thirirani pokhapokha dothi litauma, ndipo ngati pakhomo panu pamadikha madzi m'dzinja, bzalani pa kachulu kounda ndi khasu. Kakapitirira m'chiuno, duliraniko nsonga kuti kachite nthambi zambiri.

Tsono makolo mumvetse apa. Kamtengoka ndi mbale wake wa nkhadze, ndipo aliyense wokulira kumudzi adziwa chimene utomoni wa nkhadze umachita m'diso. Utomoni woyera wa kamtengoka nawonso umaotcha khungu ndi maso, ndiponso ndi woipa ukalowa m'kamwa. Chifukwa chake musakabzale pafupi ndi khomo kapena pabwalo losewerapo ana, ngakhale pamenepo ndi pamene kangakongole koposa. Malo ake ndi m'mbali mwa mpanda, pamene mwana wokwawa safika. Podulira valani mapepala apulasitiki m'manja, ndipo nthambi zodulidwazo muzikwirire. Utomoni ukagwera m'diso, tsukani msanga ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15, kenaka pitani naye wovulalayo kuchipatala tsiku lomwelo.